Wovina timamufupa, nanga wokunga ng'oma?

Pabwalo la gule maso onse amakhala pa wovina. Akavina mogometsa amayi amalulutira, abambo n'kupisa m'thumba kukamufupa. Woomba ng'oma nayenso amatolako kangachepe. Koma pali munthu mmodzi amene sitimukumbuka n'komwe, mmisiri uja anagwetsa mtengo, n'kuusema, n'kukunga chikopa mpaka ng'oma kuyamba kulira. Ameneyu timamukumbuka tsiku limene chikopa chang'ambika basi, ndipo ngakhale tsiku limenelo timapita kwawo titanyamula madandaulo okhaokha, zikomo titamusiya kunyumba.

Lero tati tikambepo za amisiri a mtundu umenewu, koma a ng'oma za masiku ano. Tikunena anthu amene amapanga mapulogalamu oimbira ndi kujambulira nyimbo pafoni ya m'manja, aja achinyamata amangoti ma app. Ambiri mwa mapulogalamu abwino zedi a mtunduwu amapangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, pakhomo pawo, popanda kampani yaikulu yowathandiza, ndipo anthu omwewo ndi amene amawasamala chaka ndi chaka. Maganizo athu ndi akuti anthu amenewa ayenera kuyamikidwa, ndipo kuyamika kwake kusathere pakamwa pokha.

Achikulire akukumbuka mmene zinthu zinalili. Kwa zaka zambiri chikhazikitsireni MBC mu 1964, woimba wofuna kuti mawu ake amveke ankayenera kukagogoda ku situdiyo ya wailesiyo, ndipo chitseko sichinkatsekukira aliyense. Kenaka kunabwera masitudiyo a anthu wamba, monga ya IY ya a Paul Banda ku Balaka, imene inatulutsa oimba ambiri m'zaka za m'ma 1990. Koma ngakhale pamenepo pankafunika ndalama ya basi, ndalama ya situdiyo, ndi ina yopangitsira makaseti. Luso lochuluka linafera m'midzi chifukwa chosowa makobidi amenewa.

Lero mnyamata wa ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Chibavi, ngakhale mtsikana wa kumudzi kwenikweni, akakhala ndi foni ya Android ndi timahedifoni, angathe kupanga biti, kuikapo gitala ndi bezi, kujambula mawu ake, n'kutumiza nyimboyo pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Wina asaganize kuti n'zachibwana zimenezi. Gulu la Gorillaz la ku Britain linajambula chimbale chake cha The Fall pa iPad mu 2010, ndipo mnyamata wa ku America, Steve Lacy, anapanga pa iPhone biti ya nyimbo imene inalowa m'chimbale cha Kendrick Lamar chimene chinatuluka mu 2017. Situdiyo inalowa m'thumba la malaya, abale, tikuona ndi maso athuwa.

Tsono tiwatchule mayina ena mwa amisiriwa, pakuti munthu sungathokoze amene sukumudziwa. A Alexander Zolotov a ku Russia anatulutsa pulogalamu ya SunVox mu 2008. Kuyambira pamenepo akhala akuikonza ndi kuiwonjezera zinthu, mpaka mu 2022 anatulutsa SunVox 2.0. Pulogalamuyi imagwira ntchito pa Android, pa iPhone, ndi pa kompyuta za Windows, Linux ndi Mac, ndipo ya pakompyutayo amaipereka ulere. Werengani nokha zaka zimenezo. Mwana wobadwa chaka chimene SunVox inatuluka lero ndi mnyamata wamkulu, koma mmisiri wake sanatayebe nsompho.

A Marek Bereza a ku Britain anatulutsa Koala Sampler mu 2019. Ndi imeneyi munthu umatha kujambula phokoso lililonse, kaya ndi kulira kwa tambala, kaya kugunda kwa munsi mumtondo, n'kulidula, n'kulisandutsa biti. A Davy Wentzler a ku Netherlands, eni ake a Audio Evolution Mobile, anachita kulemba okha njira yoti foni ya Android izimvana bwino ndi zipangizo zojambulira mawu zolumikiza pa USB. A Jonatan Liljedahl a ku Sweden anapanga AUM, yosakanizira mawu ochokera m'mapulogalamu osiyanasiyana pa iPhone ndi iPad. Ndiye palinso a Michael Tyson a ku Australia, osati wankhonya uja ayi, amene anapanga Loopy, ndipo mu 2012 iwo ndi mnzawo Sebastian Dittmann anatulutsa Audiobus, imene inatheketsa kuti mapulogalamu a nyimbo azipatsirana mawu pafoni imodzi. Mu 2021 anatulutsanso Loopy Pro atailimbikira kwa zaka zingapo.

Funso limene ena angafunse ndi lakuti: nanga munthu akapanga pulogalamu n'kuigulitsa, ntchito siyatha pamenepo? Yankho lake ndi ayi. Ng'oma imafuna kuiwamba pamoto, kuimata phula, ndi kuikunganso chikopa chikatha. Pulogalamu ya pafoni ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Chaka chilichonse a Google amatulutsa Android yatsopano, a Apple nawo iOS yatsopano, ndipo zimene zinkayenda bwino dzana zimayamba kutsimphina. Mu 2017, Apple itatulutsa iOS 11, mapulogalamu onse akale a mtundu wa 32-bit anasiyiratu kutseguka. Amene eni ake sanawalembenso anafa imfa ya tsiku limodzi. Mu 2019 Google nayo inalamula kuti mapulogalamu atsopano ndi ma update a pa Play Store azikhala ndi 64-bit.

Ku Android ndiye vuto limakula chifukwa mafoni ake ndi a mitundu yosawerengeka. Pulogalamu imene ikuimba bwino pa Samsung itha kumadukiza pa Tecno kapena pa itel. Palinso vuto la kuchedwa kwa mawu, loti munthu wagunda pagalasi la foni koma ng'oma n'kulira pambuyo pake. Kwa wotumiza uthenga kuchedwa kotere si kanthu, koma kwa woimba ndi matenda aakulu, pakuti biti yonse imasokonekera. Mmisiri amene ali yekha amayenera kulimbana ndi zonsezi, kuyankha makalata a odandaula ochokera kumaiko onse, kufufuza pamene palakwika, n'kutumiza update imene ife timangoitsitsa osalipira ngakhale tambala imodzi.

Nanga amapeza zingati? Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti munthu aike pulogalamu yake pa App Store amalipira Apple madola 99 chaka chilichonse, kaya wagulitsa kaya sanagulitse. Kwa zaka zambiri, Apple ndi Google ankadula magawo 30 pa 100 aliwonse a ndalama za malonda, ndipo munali mu 2021 pamene anatsitsira amalonda ang'onoang'ono kufika pa magawo 15. Tiyerekeze pulogalamu ya madola 10. Akadulapo magawo 15 pamatsala madola 8 ndi theka, msonkho wa boma la kwawo usanachotsedwe. Wogulayo walipira kamodzi kokha, koma amayembekeza kuti azithandizidwa zaka khumi. Ndi mmisiri uti wa pamsika wa Limbe kapena wa Lizulu amene angakugulitseni mpando lero, n'kumabwera kunyumba kwanu chaka chilichonse kudzaukhomerera ulere?

Zikavuta, amisiriwa amatopa, ndipo akatopa wovutika ndi woimba. Amene anayamba kupanga nyimbo pa Android zaka khumi zapitazo akuidziwa Caustic, ya a Rej Poirier. Caustic 3 itatuluka mu 2013 inaphunzitsa anthu ambiri kupanga biti, chifukwa inkayenda ngakhale pa mafoni otsika mtengo. Patapita nthawi ntchito yoikonza inazilala, ndipo panadutsa zaka popanda update yaikulu, mafoni akungosinthabe. Sitikuwaimba mlandu eni ake, pakuti munthu mmodzi ali ndi moyo wake, banja lake ndi mavuto ake. Tikungosonyeza chimene chimachitika dzanja limodzi lija likagwa ulesi kapena likapeza ntchito ina. Nyimbo zimene woimba anazisunga m'kati mwa pulogalamu yotero, zosamalizidwa, zimatha kutsekeredwa momwemo ngati chimanga m'nkhokwe yopanda khomo.

Apa ndiye tifike pa nkhani imene ikutikhudza ife eni. Oimba athu akhala akulira kwa zaka zambiri ndi mchitidwe wokopera nyimbo. Unayamba ndi makaseti, n'kubwera ma CD obena, lero ndi ma memory card ndi WhatsApp. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze umwini wa luso, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la umwiniwu. Ife takhala tikuima nawo oimbawa, ndipo tipitiriza. Koma tinene chilungamo. Mnyamata yemweyo amene amatukwana obena nyimbo zake pamsika, madzulo amakapempha mnzake kuti amuponyere pulogalamu yothyoledwa, aja amati mod kapena crack, kuti asalipire mwini wake. Kodi pamenepa wakuba ndani, wobedwa ndani? Thukuta la mmisiri wa ku Poland kapena ku Sweden n'losiyana bwanji ndi thukuta la woimba wa ku Balaka?

Pali nkhani imene tifuna oimba athu aisinkhesinkhe. Mu 2014, pa pulogalamu ya kanema ya The Tonight Show ku America, Jimmy Fallon ndi Billy Joel anaimba nyimbo ya The Lion Sleeps Tonight pogwiritsa ntchito Loopy ya a Tyson pa iPad, ndipo dziko linaidziwa pulogalamuyo usiku umenewo. Koma nyimboyo gwero lake ndi Mbube, imene Solomon Linda anaijambula ku Johannesburg mu 1939. Nyimbo imeneyi inalemeretsa anthu ambiri kutsidya kwa nyanja, pamene mwini wake anamwalira ali mmphawi mu 1962. Ana ake anachita kupita kukhoti, ndipo mgwirizano wowapatsako kanthu unachitika mu 2006, bambo awo atagona m'manda zaka zoposa 40. Ife a mu Africa timaidziwa bwino ululu wa kudyeredwa luso. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Sizingakhale zoona kuti ife amene timalira ndi nkhani ya Linda tikhalenso oyamba kudyera ena masuku pamutu.

Tikudziwa chimene ambiri ayankhe, ndipo sitichipeputsa. Ati umphawi. Ati madola 10 kwa mzungu ndi ndalama ya tiyi, koma kwa mnyamata wa ku Mbayani ndi ndiwo za masiku angapo. Izi n'zoona ndithu. Kwacha inagwa ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, itagwanso kale mu May 2022, ndipo chilichonse chogulidwa ndi dola chinakwera mtengo. Kuwonjezera apo, kugula pa intaneti kumafuna khadi la kubanki lololedwa kulipira kunja, chinthu chimene achinyamata ambiri alibe, ndipo ngakhale amene ali nalo amadziwa mavuto a kusowa kwa ndalama zakunja. Alipo ndithu amene amafuna kulipira koma njira n'kuwakanika. Ameneyo sitingamuike m'gulu limodzi ndi mbala.

Komabe umphawi usakhale chophimbira chilichonse. Poyamba, mapulogalamu aulere alipo, ndipo ena amakulola kuyesa kaye usanagule. Wosowa ndalama ayambire pamenepo, palibe manyazi. Chachiwiri, timaona anthu amene ayamba kale kupeza ndalama ndi ma biti awo, amalipiritsa anzawo pojambula, amagula mayunitsi a intaneti sabata ndi sabata, nsapato zawo n'zamtengo wapatali, koma chipangizo chimene chikuwadyetsa n'chakuba. Ameneyu asatinamize kuti ndi umphawi, ndi khalidwe chabe. Mlimi akakolola amakumbukira wosula khasu. Chachitatu, pulogalamu yothyoledwa ilibe mwini woti n'kumudandaulira, silandira update yoyenera, ndipo wothyolayo angathe kubisamo kachilombo. Foni imene mukuikamo zinthu zosadziwika bwinozo ndi yomweyo imene muli Airtel Money kapena Mpamba yanu. Walira mvula walira matope.

Kuyamika kwina sikulira ndalama n'komwe. Ngati pulogalamu yakuthandizani, lembani mawu awiri abwino pa Play Store kapena App Store n'kuipatsa nyenyezi zake, pakuti ndi zimenezo zimene zimakopa ogula ena. Ikavuta, musathamangire kuipatsa nyenyezi imodzi ndi mawu achipongwe. Lemberani mwini wake mwaulemu, mumuuze mtundu wa foni yanu, Android imene ilimo, ndi chimene munkachita pamene inazima. Uthenga wotere ndi mphatso kwa mmisiri, chifukwa iye sangagule foni iliyonse ya padziko lapansi, ndipo mwina Tecno yanuyo sanaigwirepo chibadwire. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma kutsina khutu n'kosiyana ndi kutukwana. Mukatulutsa nyimbo, tchulani chipangizo chimene mwapangira. Mukafunsidwa pa wailesi, musachite manyazi kunena kuti biti imeneyi inabadwira pafoni.

Kumbukiraninso kuti kuseri kwa kalata yanu kuli munthu. Mukalembera kampani yaikulu amakuyankhani ndi makina kapena kalaliki amene sakukudziwani. Mukalembera mmisiri woima payekha, kawirikawiri amene amawerenga ndi mwini wake, yemwe analemba pulogalamuyo ndi manja ake, mwina ali ndi mwana wodwala m'nyumba, mwina wangoweruka ku ntchito ina imene imamudyetsa. Ulemu umene timaphunzitsa ana athu polankhula ndi akuluakulu usathe chifukwa choti tikulankhula kudzera pagalasi.

Nawonso amisiriwa tili nawo mawu, pakuti kuyamika sikutanthauza kutseka maso. Amene watenga ndalama ya munthu ali ndi ngongole ya chilungamo. Ngati wafooka ndipo sapitiriza, anene poyera, kuti anthu asamuke nthawi ilipo. Apereke njira yoti woimba azitha kutulutsa nyimbo zake m'mafayilo odziwika monga WAV ndi MIDI, kuti ntchito yake isafere m'kati. Ndipo mchitidwe wolipiritsa mwezi ndi mwezi, umene wafala masiku ano, auganizire bwino. Tikumvetsa chifukwa chake, popeza malipiro a kamodzi sangadyetse munthu zaka khumi. Koma kwa woimba wa dziko ngati lathu, kumene ndalama imabwera lero mawa osabwera, ngongole ya mwezi ndi mwezi ya madola ndi goli lolemera. Njira yachilungamo kwa onse ndi yakuti munthu agule kamodzi, chimene wagulacho chikhale chake, ndipo zowonjezera zatsopano azilipira akafuna ndiponso akapeza.

Kwa mabanki athu ndi makampani a mafoni tikuti: pezani njira yosavuta yoti munthu wamba azitha kulipira tindalama tochepa kunja, mwalamulo, osachita kupempha khadi la achimwene a ku Joni. Munthu ukamutsekera khomo lakumaso amalowera pazenera. Kwa COSOMA ndi bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi tikuti: pamene mukuphunzitsa anthu kulemekeza umwini wa nyimbo, phunzitsaninso mamembala anu kulemekeza umwini wa zipangizo zimene amaimbira. Mawu anu adzamveka mwamphamvu manja anu akakhala oyera.

Kwa achinyamata amene akuphunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA ndi ku Mzuni, nkhani ya amisiriwa ikhale phunziro. A Zolotov ndi anzawo aja sanadikire fakitale kapena thandizo la boma. Anali ndi kompyuta, luso, ndi khama. Nanga ife tidikira ndani kuti adzatiikire pafoni kulira kwa mangolongondo, bangwe, kaligo, babatoni, malipenga, ndi ng'oma za manganje, beni ndi vimbuza? Tikapanda kutero tokha, adzabwera wina kudzajambula, n'kudzatigulitsa mawu a agogo athu pa madola. Koma dziwani ichi: tsiku limene mwana wa kuno adzapange pulogalamu yake, adzaigulitsa kwa anthu omwewa amene lero azolowera kuthyola. Tikafesa khalidwe losalipira, amene adzakolole njala ndi mwana wathu yemwe.

Akulu akale anati mutu umodzi susenza denga. Nyimbo imene mukuvina paukwati Loweruka likudzali ili ndi eni ambiri: woipeka, woiimba, woijambula, ndi mmisiri wina wakutali amene mwina sadzapondapo pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport, koma anakhala usiku wonse kukonza cholakwika kuti foni yanu isazime pakati pa nyimbo. Amene mwapeza kanthu, gulani pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito. Amene simunapeze, lembani zikomo, ndipo mudzagule mukadzapeza. Tikamufupa wovina, tisaiwale kupatula kangachepe ka wokunga ng'oma, kuti chikopa chikadzang'ambika tidzamupeze akadali pa ntchito yake.